Mawu a Lonjezo Asakatsale pa Chisepo

Tiyamike mwana wanga,

Pamudzi pano aliyense akukuitana kuti Amake Lonjezo, ndipo nkoyenera, koma pepala ili ndi langa, choncho ndikuitana dzina limene ndinakupatsa ndekha. Ndakhala m'chigafa muno chifukwa kunyumbako kulibe popondapo. Amayi ako ayala mtedza, ufa ndi mfutso khonde lonse, ngati kuti ku Joni kumene ukupitako anthu amadya mphepo. Ndayesa kuwauza kuti basi ili ndi malire a katundu, andiyankha kuti za zikwama ndilibe nazo mbali. Ndangotola cholembera changa nkuthawa.

Ukundidziwa, pakamwa panga mpolemera. Mawa pa siteji ndidzakugwira chanza, ndidzati uyende bwino, nkutembenuka kuyang'ana matayala a njinga ngati aphwa. Ndiye zimene ndidzalephere kunena ndaziika muno. Uwerenge muli m'basi yaikulu ija, mwana akagona.

Za banja sindikulangiza. Amayi ako akhala akukuthira zimenezo m'makutu chiyambire pamene amuna ako anatumiza uthenga woti uwatsatire, ndipo ine ndilibe chowonjezera. Nkhani yanga ndi imodzi yokha, mawu a mdzukulu wanga. Lonjezo anabwera pakhomo pano alibe mawu, akuchoka ali nawo odzaza mkamwa. Mantha anga ndi akuti kumeneko, m'kachipinda kamodzi, iwe ku ntchito, bambo ake ku ntchito, nonse pobwera muli ofooka, mawu amenewa angaphwe ngati chitsime cha m'chilimwe. Usalole zimenezo, Tiyamike.

Ndiyambe ndi kukuthokoza, chifukwa ukanandimvera ine mwanayu bwenzi ali ndi chipsera pansi pa lilime. Pamene unachoka ku Madisi nkubwerera kuno, amuna ako atapita kukasaka ntchito, Lonjezo anali atasiya kale kuyamwa, akuthamanga bwinobwino, koma mawu ake anali "mama" basi. Akafuna chinthu ankakoka chitenje cha munthu. Anzake obadwa nawo mvula imodzi anali atayamba kale kutukwana mbuzi. Anthu anayamba kunong'ona kuti lilime lake ndi lomangika, ndipo ine ndinakhulupirira. Ndinapita kwa a Nasibeko, amene amadula ana kamnofu ka pansi pa lilime, tinapangana tsiku, ndinagwira msoti wa nkhuku woti ndikawathokozere nkuumangirira pa kaliyala. Iwe unaima pakhomo mwana ali kumbuyo.

"Ababa, lezala ayi," unatero. "Ndiyambe ndapita naye kuchipatala. Akakanena kuti nlomangika, akadule okha kumeneko."

Ndinakwiya, sindikubisa. Ndinaona ngati mwana wadzulodzuloyu akundichititsa manyazi kwa a Nasibeko. Koma unapita, achipatala anamuyang'ana m'makutu ndi mkamwa, anamuombera m'manja chakumbuyo iye nkucheuka, ndipo anakuuza kuti palibe chomangika. Anangokufunsa kuti kodi mwanayu amacheza ndi yani. Funso lomwelo unabwera nalo kuno nkutiponyera tili pa mphasa. Amayi ako anadzigunda pachifuwa kuti iwo amayankhula kuyambira tambala woyamba mpaka kogona, zimene mudzi wonse ungachitire umboni. Iwe unawayankha mofatsa kuti inde amayankhula, koma amayankhula pamwamba pa mutu wa mwanayo, osati ndi iyeyo. Timati mawu a akulu akoma akagonera, koma tsiku limenelo mawu okoma anachokera kwa mwana. Msoti uja unapulumuka, lero ndi thadzi la anapiye, ndipo mpaka pano timalitchula kuti thadzi la a Nasibeko. Zikomo mwana wanga. Ndipo kumeneko ukadzaona kuti khutu likumuwawa kapena sakucheuka ukamuitana, upite kuchipatala monga unachitira, usamvere nkhalamba zonga ine.

Cholakwa changa china ndi cha ujeni. Ine ndinakula ndi ujeni, ndinakulerani ndi ujeni. Tenga ujeni uli pa ujenipo. Kaike chija pakuti paja. Zikavuta ndinkangoloza ndi mlomo. Unandiuza kuti mwana sangadziwe dzina la chinthu ngati chilichonse pakhomo dzina lake ndi ujeni, ine ndinati izo nzakusukulu. Kenaka tsiku lina tikusenda mtedza ndinamuona Lonjezo akufuna madzi. Sanalire, sanakoke munthu. Anatukula chibwano nkutosa mlomo kuloza ndowa, ndendende mmene ndimachitira ine. Amayi ako anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere lilime silinamangike ayi, mwanayu wangotengera agogo ake. Ine sindinaseke kwenikweni. Ndinachita manyazi, chifukwa ndinaona kuti mwanayu amaphunzira bwino kwambiri, kungoti mphunzitsi wake ndinali ine.

Mpamene unaika lamulo lako lija, loti aliyense wonena ujeni kwa mwana atsuke mbale zamadzulo. Ndinavomera poganiza kuti ligwira amayi ako. Linagwira ine. Ndatsuka mbale pakhomo pano, ine mwamuna wa imvi, anzanga a bawo akudutsa pamsewu nkumandifunsa ngati mayi akudwala. Koma taona zimene zinatulukamo. Ndikamutuma ndinayamba kunena kuti kanditengere chikho chofiira chili pa thandala, pafupi ndi mtsuko. Poyamba ankabwera ndi chipande, nthawi zina ndi nsapato yanga. Ndinkangoti ayi, ichi ndi chipande, chikho ndi ichi, tachigwira. Lamulo limeneli upite nalo, Tiyamike. Ulikhomere pakhoma m'nyumba mwanumo, ndipo amuna ako asalizembe. Mbale kumeneko ziliko.

Usaganize kuti ndinabadwa wouma pakamwa. Ndinabwera pamudzi pano ngati mkamwini, ndipo mkamwini amaphunzira msanga kuti asamakule mwendo, aziona ndi maso pakamwa pali potseka. Kenaka tinapita pa esiteti ija ya kufupi ndi Madisi ngati matenanti, kumene wolankhulalankhula kapitawo ankamuika chizindikiro. Ine ndi amayi ako tinkaokera fodya mzere ndi mzere, iwe uli kumbuyo kwao, dzuwa nkufika pamutu popanda wonena kanthu. Tinkati mwana akadya, akasamba, akagona pouma, ndiye kuti taleratu. Zoti khanda lili kumbuyo limamvetsera sitinkaziganiza.

Ndiye ufunse kuti nanga iwe unakhala bwanji wolongolola chonchi, woti ngakhale ogulitsa kaunjika pa Chisepo amakuopa. Si ine ayi. Pa esiteti paja tinayandikana ndi mayi wina wa ku Machinga, Abiti Saidi. Anali ndi vuto la mwendo, choncho ankakhalira kusoka fodya m'chigafa, ndipo amayi ako akatopa nawe ankakutula pambali pake. Mayi ameneyo ankayankhula ndi chilichonse, singano, masamba, nkhuku zodutsa, ndi iwe. Ankakuonetsa tsamba nkumati ili nlalitali, ili nlong'ambika, ili lapsa ndi dzuwa, tanunkhiza. Ankakuimbira nyimbo zakwao uku akukugwedeza ndi phazi. Posakhalitsa unayamba kubwera kunyumba ndi mawu a Chiyao osakaniza ndi athu. Ine ndinaopa kuti mutu wako usokonezeka, ukadzayamba sukulu aphunzitsi adzakuseka. Ndinaletsa kuti usapitenso kuchigafa kuja. Unangokhala ndwii pakhomo ngati nkhuku yonyowa, mpaka amayi ako anayamba kukupititsa mobisa ine ndikalowa m'munda. Mutu wako sunasokonezeke. Unalowa sukulu ukudziwa kufunsa ndi kuyankha kuposa ana a akalaliki a pa esiteti. Abiti Saidi anakwera lole nyengo ya fodya itatha, kubwerera kwao, ine osawathokoza nkomwe. Kaya ali moyo kaya anatsogola, ndikuwathokoza lero kudzera mwa iwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, iwo ankazidziwa zimenezo.

Ndakuuza nkhaniyi pa zifukwa ziwiri. Lonjezo akayamba kutola zinenero za kumeneko, Chingerezi ndi zina zimene ine sindizidziwa, usamuletse. Mutu wa mwana si thumba la feteleza loti likadzaza limang'ambika. Koma m'nyumba mwanu muziyankhula naye chathu, chifukwa ndicho chimene iwe ungamuuzire zinthu mpaka pansi pake, ndiponso ndicho chokha chimene ine ndingamumvere pa foni. Chifukwa chinacho nchakuti udzafuna munthu womusiyira ukamapita ku ntchito. Usakasankhe nyumba chifukwa pansi pakuwala. Ukaime pakhomo kaye umvetsere. Ngati m'nyumbamo muli ana koma mukungomveka wailesi ya kanema, pitirira. Ukapeze mayi wolongolola ngati Abiti Saidi, ngakhale nyumba yake ikhale yobalalika.

Tsopano za kudekha. Nditalowa m'njira yako yocheza ndi mwanayi ndinalowa ndi mphamvu zonse, monga amachitira munthu wotembenuka mtima atakula. Ndinkamukweza Lonjezo panjinga popita ku Chisepo, njira yonse ndili ichi ndi chulu, iyo ndi ngolo, ng'ombe zavala goli, uko ndi kudambo, awo akuotcha njerwa. Ndikamufunsa kuti ichi nchiyani, asanatsegule nkomwe pakamwa ndinali nditayankha kale ndekha. Ndinkabwera kunyumba kukhosi kuli gwa, iye osanenapo kanthu. Ndinadandaula kwa iwe kuti njira yakoyi sikugwira. Unandifunsa ngati ndimamupatsa mpata. Unati ndikafunsa ndizikhala chete, ndizimuyang'ana kumaso, ndidikire mpaka ndichite manyazi. Kunena zoona, ine amene ndakhala chete moyo wanga wonse, chete ameneyo anandivuta kuposa kukumba chitsa.

Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku lina tikukwera chitunda cha pa mjigo paja, tcheni chinagwa. Ndinamutsitsa, ndinagwada, ndipo pokonza ndinkanena zonse zimene manja anga ankachita, monga unatiphunzitsira. Tcheni chagwa. Tikweze gudumu. Tizungulitse pedulo. Taona manja a agogo ada ndi girisi. Iye anangoyang'ana. Ulendo wotsatira, pamalo omwewo, ndinangomva pedulo yapepuka, ndipo ndisanatsike nkomwe kumbuyo kwanga kunamveka kamawu.

"Agogo, tcheni chagwa."

Tiyamike, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu nkulira. Akabaza ankadutsa nkumandifunsa ngati ndagwa, ine ndikungopukusa mutu, mwana akundiyang'ana modabwa kuti nanga tcheni chokhachi mpaka misozi. Sindinakuuze kuti ndinalira. Ndinangoti mwana wayankhula, iwe nkutaya lichero la ufa pansi.

Chisangalalo chomwecho chinandilakwitsanso. Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, ndinamuimika pakati pa madoda kuti onse amene ankanong'ona aja amve okha. Ndinati tanena muja unanenera, tanena za tcheni. Anthu anamuzungulira, ena akuseka, wina akumutsina tsaya. Mwana anabisa nkhope m'thalauza langa, ndipo tsiku lonselo sanatulutse liwu ngakhale kwa iwe. Unandiyang'ana diso limene amayi ako amandiyang'ana ndikagula nsomba zoola. Ndinaphunzira kuti mwana si wailesi yoti uzitsegulira alendo. Kumeneko anthu akwathu adzabwera kudzakuonani, ndipo bambo ake adzafuna kuonetsa kuti mwana wao ndi wochenjera. Uwaletse mwaulemu. Akalakwitsa mawu musamuseke, ndipo musamukalipire. Akati galu poona mbuzi, ungoti eya, ili ndi miyendo inayi ngati galu, koma iyi ndi mbuzi, tamvera kulira kwake. Mawa lake adzanena bwino yekha.

Mwina ukuti mumtima, Ababa, kumeneko kulibe ngolo, kulibe dimba, kulibe thadzi la a Nasibeko, ndikamuonetsa chiyani. Iweyo ndi amene unandiphunzitsa kuti mawu ali paliponse pamene pali manja akugwira ntchito. Ukamamusambitsa, mutchulire chigongono, chidendene, mchombo, nkhongo. Ukamachapa, iye aviike kansalu kake, adziwe chonyowa ndi chouma, kufinya ndi kuyanika. Ukamaphika, anunkhize anyezi, akhudze tomato, akuuze chozizira ndi chofunda. Mukakwera minibasi muziona limodzi zapawindo, iye akuuze zimene waona, iwe uwonjezerepo pang'ono. Akati galimoto, iwe uti inde, galimoto yaikulu yoyera yanyamula matumba. Usamangomufunsa zoyankha kuti eya kapena ayi. Mufunse kuti nanga kenaka chinachitika nchiyani, ngakhale nkhani yake ikhale yopanda mutu. Nkhani za amayi ako nazonso zambiri zilibe mutu, koma takhala nazo mpaka lero.

M'chikwama chobiriwiracho amayi ako aikamo kabotolo ka nyemba zosakaniza, nanyati, kholophethe ndi zoyera zija. Usakaphike. Nzosewerera Lonjezo, monga tinkachitira pakhonde, kuzithira pa mbale nkumasankha zofiira kwaokha, zamawangamawanga kwaokha, zazikulu uku, zofumbwa uko. Uzikhala naye pafupi angaike ina m'mphuno. Ine ndapindamo kalendala yakale ya zithunzi za mbewu ija, imene amakonda kuloza chimanga ndi mayi wosenza dengu. Yang'ambika pakona koma iye amaidziwa ngati mnzake. Ukapeza timabuku ta zithunzi kumeneko, usavutike kuti talembedwa m'chinenero chanji. Zithunzi zilibe chinenero, uzimufotokozera m'chathu.

Za foni ndinene pang'ono, ndipo sindikukuweruza. Ndikudziwa mmene zinalili ku Madisi kuja, uli wekha m'kanyumba ka lendi, amuna ako atangochoka, manja ali m'tsitsi la makasitomala tsiku lonse, mtima uli kutali. Foni inkamukhazika mwana chete kuti ugwire ntchito, ndipo aliyense akanachita chimodzimodzi. Iwe wekha unanena kuti tizithunzi tija timayankhula koma sitimuyankha mwana. Kumeneko kutopa kudzabweranso, mwina koposa. Tsiku limene watopa kwambiri, usadzikakamize zambiri. Mugoneke pambali pako umuuze zimene waona tsikulo, ngakhale maso ako ali otseka. Umuuze kuti bwana anakwiya, kuti mvula inakupeza panjira, kuti mapazi akukuwawa. Amenewonso ndi mawu, ndipo mwana amene amadziwa kunena kuti ndatopa, ndakwiya, ndikuopa, salira ndi kudzigwetsa pansi ngati mmene ankachitira Lonjezo atangofika kuno.

Amuna ako uwapatse moni wanga, ndipo uwawerengere ndime ino. Mkamwini wanga, munasiya khanda, mukulandira munthu wa mafunso. Adzakufunsani chifukwa chake mumameta ndevu, kumene dzuwa limagona, ndi chifukwa chake kumeneko kulibe mbuzi. Musamuuze kuti ukusokosa. Ine ndinadikira mpaka imvi kuti ndidziwe kukoma kocheza ndi mwana, inu musachedwe chomwecho. Mmera mpoyamba.

Tiyamike, unabwera kuno ukuti wabwera kudzatilemetsa, iwe ndi mwana wako. Sunatilemetse. Nyumba ino inali itazizira, ine ndi amayi ako tinkangouzana za mbuzi ndi za maliro. Chifukwa cha lamulo lako lija ndinayamba kutchula zinthu maina, ndipo mosazindikira ndinayambanso kucheza ndi amayi ako. Dzana anandiuza kuti akanadziwa kuti mankhwala ake ndi mbale, bwenzi atayamba kalekale. Unabwera kudzatsegula pakamwa pa mwana mmodzi, watsegula pa awiri. Ndikukuthokoza ndi mtima wonse.

Nditsirize ndi zimene zachitika mmawa uno iwe uli kuchigayo. Amayi ako anamuuza Lonjezo kuti mawa akwera basi yaikulu kupita kwa bambo ake, choncho atsanzike. Iye anazitenga zenizeni. Anayamba kuzungulira bwalo lonse manja ali kumbuyo ngati mlangizi wa zaulimi. Ndinkamumva ndili m'chigafa muno. Tsala bwino nkhokwe. Tsala bwino mtondo. Tsala bwino khasu, tsala bwino khola, tsala bwino thadzi la a Nasibeko ndi anapiye ako. Anatsanzika mpanda, mtengo wa mango, ngakhale chitsononkho chimene anachipeza pansi. Chilichonse ankachitchula dzina lake, osaphonya. Ine ndinkamvetsera, mtima uli mmwamba, ndikudikira kuti afike kwa ine.

Anafika. Koma sanati tsalani bwino. Anandigwira chala nkundikoka.

"Agogo, valani nsapato. Tiyeni."

Mwana wanga, zonse ndalemba pamwambapa zinandithawa. Ndinayang'ana kumbali, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti ndikubwera, ndikaone kaye ujeni. Iye anandiyang'anitsitsa, nkutukula kachala.

"Agogo, mwati ujeni. Mukatsuke mbale."

Anathamanga kukandinenera kwa amayi ako, ine nkutsala muno ndikuseka ndi misozi pamodzi. Koma ndikudziwa kuti ndamuzemba, ndipo mwanayu sitinamuzolowetse kuzembedwa. Mawa tisanafike pa siteji ndidzamukweza panjinga, ndidzamuuza ndekha ndi mawu onse, kuti agogo sakwera basi, atsala kuti asamale mbuzi ndi thadzi lija, kuti adzamusowa kwambiri, ndi kuti adzadikira pa foni kuti awauze zonse zimene waona. Adzalira, mwina inenso. Ndipo m'basimo akadzuka nkukufunsanso kuti agogo ali kuti, usamupatse bisiketi kuti aiwale, usamuuze kuti akubwera m'mbuyo. Umuyankhe zoona, pang'onopang'ono, ngakhale afunse kambirimbiri. Mukafika, undiimbire, ndipo usataye nthawi kundiuza za ulendo. Umupatse foni mwini wakeyo andiuze yekha.

Mulungu akutsogolereni panjira, akusungireni mwanayo ndi pakamwa pake pomwe. Ndisiyire pano, amayi ako akuitana, akuti madzi otsukira mbale afunda.

Ndine bambo ako,
amene unawaphunzitsa kuyankhula atakalamba.